Ana athu akapemphera zoona, nkhani zam'nyumba zimamveka mpingo wonse

Zikomo a Mlangizi,

Ndife aphunzitsi anayi a Sande sukulu pampingo wa Amalawi umene umasonkhana muholo ya lendi ku Rosettenville, kuno ku Johannesburg. Tikufuna kuti ana athu azipemphera modzichepetsa komanso mosabisa, koma njira yathu yatifikitsa pothina.

Phunziro lathu ndi la mphindi 40, ndipo ana tinawagawa pawiri: a zaka 5 mpaka 8, ndi a zaka 9 mpaka 12. Mphindi 10 timawerenga Mawu, mphindi 10 timachita kasewero, mphindi 15 timapemphera m'timagulu ta ana asanuasanu, kenako timatseka ndi Pemphero la Ambuye ndi nyimbo. M'kagulu, mwana aliyense amanena ziganizo zitatu zokha: cha "zikomo", cha "pepani" ndi cha "chonde". Lamulo ndi lakuti atchule chinthu chenicheni cha sabata imeneyo. "Mundikhululukire machimo anga onse" sitilola. Timafuna "pepani, ndinanamiza amayi za chenji".

Chilankhulo timalola chilichonse. Ana obadwira kuno amaganiza m'Chingerezi ndi m'Chizulu, ndipo Chichewa cha pemphero chimene amadziwa ndi choloweza kwa akulu ampingo. Mwana wa zaka 6 akati "ndife fumbi pamaso panu", sadziwa chimene wanena. Makolo ena amadandaula kuti tikupha Chichewa, n'chifukwa chake powerenga timagwiritsabe Buku Loyera, limene ana amalimva msanga kusiyana ndi Buku Lopatulika la 1922.

Pakudzichepetsa timayambira pa Luka 18:9-14, fanizo la Mfarisi ndi wamsonkho. Mukasewero aliyense amalimbirana kukhala wamsonkho, kudziguguda pachifuwa. Koma ikafika nthawi ya "zikomo", wina amati, "Zikomo Ambuye kuti ine sindili ngati Mfarisi uja." Msampha womwewo waugwa! Gwero lake tinalipeza: kuyamikira. Mphunzitsi akangogwedeza mutu pa kulapa kwa mwana mmodzi, anzake amapeka machimo okulirapo kuti nawonso awagwedezere mutu, ndiye kuti kudzichepetsa kwabala bodza. Tinasiya kuombera m'manja ndi kupereka masiwiti pa pemphero; tonse timangoti "Amen" mofanana. Tinasiyanso kuyeza mtima poona maondo, pakuti mwana wa Chimalawi amagwada ndi kuyang'ana pansi chifukwa cha ulemu wa kunyumba, ngakhale mumtima akukulira mnzake. Apa zinthu zikusintha ndithu.

Pamene patikanika ndi pa kunena zoona. Mabanja ambiri kuno amakhala m'chipinda chimodzi, mwina chodulidwa ndi katani, ndipo mwana amamva zonse. Tikamuuza kuti Mulungu sabisiridwa kanthu, monga Salimo 62:8 likutiuza kutsanulira mitima yathu pamaso pake, iye amamvera. Pa "chonde" pamatuluka za lendi yosalipidwa, za mapepala a bambo okhalira m'dziko muno amene anatha, za mkangano wa usiku. Anzake anayi aja amakafotokoza kwawo, ndipo pofika madzulo nkhani ili pa WhatsApp. Nkhani ya mapepala si yamasewera m'dziko la eni. Ingathe kumuchotsetsa munthu ntchito kapena kumumangitsa. Kholo limakalipa kuti zam'nyumba sizituluka, ndipo sitingalinene kuti lalakwa. Sabata yotsatira mwana uja amabwera ndi pemphero losalala, lopanda kanthu. Chimene waphunzira n'chakuti kunena zoona kwa Mulungu kumakwapulitsa. Izi zimatiwawa kwambiri, chifukwa ndife tinamutsegula pakamwa.

Tayesa njira zitatu. Pemphero lachinunu limathandiza akuluakulu, koma aang'ono sapitirira theka la mphindi asanayambe kugwedezana. Kulemba papepala n'kupinda kumatheka kuyambira zaka 8, koma funso limabwera pompo: "Aphunzitsi, muwerenga?" Tikati ayi, tikhoza kutaya kulira kwa mwana amene akufuna thandizo, tikati inde, ayambanso kulembera ife. Yachitatu ndi kuwaphunzitsa Mateyu 6:6, kulowa m'chipinda ndi kutseka chitseko. Nanga chitseko chake chiti, poti anthu asanu akugona malo amodzi? Timawauza kuti bulangete lofunda kumutu ndi chipinda chokwanira.

Za nkhanza sitikufunsa. Gawo 110 la Children's Act ya 2005, lamulo loteteza ana kuno ku South Africa, limalamula atsogoleri achipembedzo kukanena kwa apolisi kapena kwa a zachitukuko cha anthu akaona kuti mwana akuzunzidwa, ndipo ana athu akuluakulu nambala ya foni ya Childline, bungwe lothandiza ana amene ali pamavuto, 116, anailoweza. Tikufunsa za nkhani zapakatikati, zimene si mlandu koma ndi manyazi a banja.

Kodi mwana wa zaka 7 tingamufotokozere bwanji kuti pali zouza Mulungu yekha ndi zonena pagulu, iye osamva ngati tikumuphunzitsa kubisa? Ana amsinkhu umenewu zinthu amaziona pawiri basi: kunena kapena kunama. Kodi gawo la "pepani" ndi la "chonde" tizichotseretu pagulu, patsale "zikomo" yekha? Awiri mwa ife akutero, koma awiri akuopa kuti ana adzakula asanamvepo Mkhristu akuvomera kulakwa mokweza. Ndipo makolo tiwayambe motani, popeza ambiri amagwira ntchito Lamlungu ndipo ana amabwera ndi aneba? Tikuopa kuti tikawaitanira kumsonkhano pankhaniyi, adzaganiza kuti takhala tikufufuza zam'nyumba mwawo kudzera mwa ana, n'kuwaletsa kubwera.

Ife,
Aphunzitsi a Sande sukulu,
Rosettenville, Johannesburg