Tifufuzenso analimata a m'miyala ya ku Mangochi

Akonzi,

Ndikupempha danga m'nyuzipepala yanu kuti ndinenepo za nalimata, kanyama kamene timakaona usiku kakusaka tizilombo pafupi ndi babu, koma n'kumakatenga ngati kopanda ntchito. Nkhani zachilengedwe za boma lino la Mangochi zimakonda kukamba za nsomba, ndipo m'pomveka, popeza nsomba za m'nyanja, makamaka mbuna, ndizo zinatchukitsa Lake Malawi National Park mpaka kulowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Komatu miyala imene imasunga mbuna pansi pa madzi imakweranso kumtunda pa zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo, ndipo m'ming'alu yake mumakhala abuluzi ndi analimata oyenera kufufuzidwa mwakhama lomwelo.

Chimene chikundilimbitsa mtima n'zomwe zinachitika kummwera. Mu 1963 katswiri wina, Donald Broadley, analemba za kanalimata ka m'phiri la Mulanje, n'kukapatsa dzina loti Lygodactylus rex. Patadutsa zaka 50, mu 2013, ofufuza anapeza kuti kena kofanana nako kwambiri ka m'phiri la Namuli ku Mozambique ndi mtundu wapawokha, ndipo anakatcha Lygodactylus regulus. Ku South Africa nako, mu 2014, mitundu yatsopano isanu ndi inayi ya analimata a m'miyala inalembedwa pakamodzi m'zigawo za Limpopo ndi Mpumalanga. Tinyamati sitiyenda mtunda wautali, choncho gulu limene latsekeredwa paphiri limodzi kwa nthawi yaitali limayamba kusiyana ndi anzake a phiri lina. Kodi Phirilongwe ndi mapiri a ku Namizimu sangakhale akusunga zoterezi?

Kutchula mtundu kuti ndi watsopano si ntchito ya maso okha. Ofufuza amawerenga mamba a pamlomo ndi pakhosi, timizere ta kunsi kwa zala timene timathandiza nalimata kumata pakhoma, komanso timabowo ta pamimba pa wamwamuna. Amadulako kansonga ka mchira, kamene kamameranso, kuti ayeze DNA, chizindikiro cha chibadwa cha m'thupi, kenaka n'kuyerekeza zonsezi ndi mitundu yodziwika kale. Nyama imodzi amaisunga m'botolo la mankhwala ku myuziyamu kuti ikhale mboni ya dzinalo mpaka kalekale.

Apa m'pamene pali dandaulo langa. Zambiri mwa zokwawa zimene katswiri wina, Arthur Loveridge, anasonkhanitsa m'dziko muno mu 1948 ndi 1949 zinapita ku yunivesite ya Harvard ku America, ndipo wophunzira wa ku Zomba kapena ku Bunda wofuna kuziona ayenera kusaka ndalama ya ndege. Nthambi yoona za nyama zakutchire, popereka chilolezo kwa ofufuza ochokera kunja, ionetsetse kuti ophunzira athu akulowa nawo m'tchire, maina awo akulembedwa pa zotsatira, ndiponso zina mwa nyamazo zikutsala kuno pamalo osamalika. Asodzi ndi abusa a mbuzi, amene amadziwa mwala uliwonse, asamangonyamula zikwama ayi, afunsidwenso zimene amaona.

Ndichenjezenso kuti kutchuka kuli ndi zovuta zake. Kanalimata kobiriwira ngati thambo ka m'nkhalango ya Kimboza ku Tanzania, Lygodactylus williamsi, kanagwidwa mwaunyinji n'kumagulitsidwa kunja ngati chiweto, mpaka maiko anagwirizana kuletsa malondawo kuyambira mu 2017. Tikapeza wathu, malo ake enieni asalengezedwe mwachisawawa.

Pakadali pano ophwanya miyala ndi ootcha makala sakudikira. Sindikuwaweruza, pakuti nawo akusaka chakudya cha ana, koma khonsolo ya boma lino isanalole kuti phiri ligumulidwe, iyambe yaitana akatswiri adzaone chimene chikukhala m'menemo.

Wowerenga wanu,
Monkey Bay, Mangochi