Lipoti la ulendo wa ku Lilongwe: makoma a chamba cha mafakitale

A Wapampando, a komiti, amayi ndi abambo a gulu lathu la alimi kuno ku Angónia,

Munandituma ku msonkhano wa alimi ndi amisiri omanga ku Lilongwe kuti ndikamve za nyumba zomangidwa ndi chamba. Ndiyambe ndi funso lomwe ambiri mwandifunsa kale panjira, loti kodi nafenso tidzale chambachi: ayi, tisadzale. Ku Malawi boma linaloleza chamba cha mafakitale ndi cha mankhwala mu 2020, komabe mlimi amayamba watenga laisensi ku Cannabis Regulatory Authority. Kwathu kuno ku Mozambique lamulo la 3/97 limaletsa kulima suruma, ndiye chamba chomwecho, ndipo wapolisi akaipeza m'munda sadzafunsa ngati ndi yomangira nyumba.

Khoma la chamba ndinaliona ku msonkhanoko, ndinaligwira. Chamba chake ndi cha mtundu wosaledzeretsa, ndipo masamba alibe nawo ntchito. Amatenga phesi, makina n'kusenda khungwa la ulusi, chamkati choyera chija n'kuchiphwanya tizidutswa. Tizidutswato amatisakaniza ndi laimu ndi madzi, n'kumathira pakati pa matabwa awiri akutsendera pang'onopang'ono. Luso limeneli linayambira ku France m'zaka za m'ma 1980, pokonza nyumba zakale za mitengo.

Chimene chinandikopa n'chakuti khomalo ndi lopepuka, lodzaza timipata ta mpweya, ndiye kuzizira kwa kunja sikulowa msanga. Aliyense wogona ku Ulónguè kapena ku Tsangano mu Juni akudziwa phindu lake. Moto siligwira msanga, ndipo laimu amaletsa chuku. Silifunanso uvuni wa njerwa, womwe watimalizira mitengo m'mapirimu, ngakhale laimu naye amachita kuotcha.

Koma palokha silinyamula denga. Pamafunika nsanamira ndi mapaso olimba, chambacho chimangokuta. Maziko akwezedwe ndi miyala kapena njerwa, denga litulukire kunja ndithu, pulasitala akhale wa laimu chifukwa simenti imatsekera chinyezi m'kati. Kuuma kwake kumatenga masabata 6 mpaka 8, choncho ndi ntchito ya m'chilimwe. Laimu amawotcha khungu, wosakaniza avale magolovesi.

Anatiuzanso za hotela ya nsanjika 12 ku Cape Town yomwe makoma ake ndi a zidina za chamba. Anthu anaomba m'manja, ine ndinangoti chete, poti makina osendera mapesi okhawo gulu ngati lathu silingawakwanitse.

Maganizo anga ndi awa. Komiti ilembe kalata ku ofesi ya zaulimi ya boma lathu, kufunsa ngati pali njira yovomerezeka yoyesera mbewuyi. Podikira yankho, amisiri athu aphunzire kugwira laimu pa kakhola ka nkhuku, tikuphwanyiramo mapesi a mpendadzuwa, tione ngati kapirira dzinja. Amene angapereke malo ndi mitengo alembetse kwa alembi tisanakumanenso. Malisiti a ulendo ndasiya kwa asungichuma.

Ine wanu,
Nthumwi ya gulu