Lipoti la ulendo wanga ku msonkhano wa kugawana nzeru m'makhonsolo

Anzanga nonse, ndabwerako komwe munandituma kuja ndipo malisiti ndapereka kale ku akawunti, ndiye amene mumati ndangopita kukadya alawansi muwerenge mpaka pansi chonde.

Zotsegulira zinali masipichi, tisatayepo nthawi. Gawo la kasungidwe ka mafayilo nalonso kunali kungotiwerengera zomwe tinali nazo kale m'manja.

Chomwe chinandigwira ine ndi nkhani ya ku Xerox, kampani yopanga makina a fotokope. Munthu wina wofufuza, Julian Orr, ankatsatira amakaniko okonza makina a fotokope m'ma 1980 ndipo anapeza kuti mavuto ovuta kwenikweni sankawathetsa ndi buku la malangizo ayi, ankawathetsa pocheza okhaokha, wina kufotokoza mmene makina ena anamuzunzira ndi chomwe anachita mpaka anatheka. Kenako kampaniyo inakhazikitsa Eureka, malo oti amakanikowo azilembamo nzeru zawo, ndipo aliyense wolemba dzina lake limaoneka pa zomwe walemba. Anthu ankalemba chifukwa chofuna ulemu kwa anzawo. Ganizo la magulu oterewa, a anthu a ntchito imodzi ogawana nzeru okhaokha, analifotokoza ndi ofufuza awiri, Jean Lave ndi Etienne Wenger, mu 1991, Wenger amati pamafunika ntchito imodzi yokulumikizani, anthu oti mumakumana pafupipafupi, komanso njira zogwirira ntchito zomwe mukumanga limodzi. Ku England makhonsolo anali ndi malo otere pa intaneti pansi pa IDeA, bungwe lomwe linkathandiza makhonsolo kukonza ntchito zawo, pambuyo pake kunabwera malo ena otchedwa Knowledge Hub.

Ndikumvetsera ndinkangoganiza za kwathu kuno. Mnzathu wa misonkho uja atasamutsidwa, ndani ankadziwa mmene ankayendetsera buku la amene ali ndi ngongole? Palibe, tinayambiranso pa ziro ndipo olipira ena tinawalembera makalata kawiri mpaka kutukwanidwa. Nkhaniyi ndinaikweza pa miting'i, inaponyedwa ku "nkhani zina" ndipo mpaka lero sitinaikambe. Ndikuikwezanso.

Pomaliza, ku msonkhano kuja anagwirizana kuti khonsolo iliyonse ikhale ndi gulu lotere lotsogozedwa ndi mkulu wa dipatimenti, komanso pagulidwe sisitimu ya pa kompyuta. Ine ndinakweza dzanja kukana ndipo ndikukanabe. Ndani angavomere kuti bajeti inamusokonekera abwana ali pomwepo? Gulu lathu la WhatsApp lija ndi umboni, poyamba timafunsana momasuka, chilowereni akuluakulu kwangotsala "zikomo bwana" ndi ma meseji a zikondwerero za masiku obadwa. Sisitimu sidzachiza zimenezo. Jakob Nielsen, katswiri wofufuza mmene anthu amagwiritsira ntchito intaneti, analemba mu 2006 kuti m'magulu ambiri a pa intaneti pafupifupi anthu 90 pa 100 amangowerenga mwakachetechete, 9 amalembako mwa apo ndi apo, mmodzi yekha ndiye amasenza zonse. Ndiye chofunika ndi munthu wokolezera moto, wofunsa mafunso ndi kukoka ofatsa aja, ndipo apatsidwe nthawi mkati mwa maola a ntchito osati azichita usiku ndi bandulo yake.

Pempho langa ndi loti tiyambe ndi otolera misonkho okha, a kwathu ndi a makhonsolo oyandikana nafe, popanda abwana, kamodzi pamwezi. Akuluakulu azingolandira chidule cha zomwe zakambidwa, opanda mayina. Amene mukufuna kulowa mundilembere tisanafike miting'i ikubwerayi, ndipo nkhani yoti wosamutsidwa azisiya manotsi kwa womulowa m'malo ilembedwe pa ajenda pamwamba penipeni.