Diego Rivera ndi makoma ake: mawu a womanga nyumba

Akonzi,

Ndine mmisiri womanga nyumba, ndipo ndikupempha danga m'nyuzipepala yanu kuti ndinenepo za Diego Rivera, katswiri wojambula wa ku Mexico amene anabadwira ku Guanajuato mu 1886 n'kumwalira mu 1957. Ambiri akamutchula amathamangira kunena kuti anali mwamuna wa Frida Kahlo, mayi amenenso anali katswiri wojambula. N'zoona, koma ine chimene chimandikoka ndi khoma lenilenilo, poti ntchito yake inkayambira m'manja mwa anthu a ntchito yangayi.

Rivera sankapaka penti pa khoma louma ngati mmene timachitira ife. Luso lake, limene analiphunzira poyendera matchalitchi akale a ku Italy mu 1920, linali lojambula pa pulasitala wa laimu akadali wamuwisi. Amisiri ankalawirira kukapaka kachigawo kokwana tsiku limodzi basi, n'kukasalaza bwinobwino. Kenako iye ankakwera pansanja ndi utoto wosungunula m'madzi. Laimu akamauma amamwa utotowo, moti chithunzi ndi khoma zimasanduka chinthu chimodzi. Aliyense amene anagwirapo pulasitala akudziwa kuti sadikira munthu. Ukachedwa wakuumira, ukalakwitsa palibe kufufuta, koma kugumula kachigawoko n'kuyambiranso mawa. Tsono mukamva kuti pakati pa 1923 ndi 1928 anajambula zigawo zoposa 100 pa makoma a unduna wa zamaphunziro ku Mexico City, muziganiziranso misana ya amene ankakanya matope ndi kusefa mchenga.

Ntchitoyi inachokera kuboma. Nkhondo yapachiweniweni itatha, nduna ya zamaphunziro, José Vasconcelos, inapereka makoma a nyumba za boma kwa ojambula, chifukwa anthu ochuluka m'dzikomo sankadziwa kuwerenga. Rivera anaikapo alimi a chimanga, okumba migodi, amayi a pamsika ndi eni nthaka a khungu lodera, anthu amene kale sankaoneka pa zithunzi za m'nyumba zolemekezeka.

Ntchito imene ndimaikonda kuposa zonse ili ku Detroit, ku America. Anafikako mu Epulo 1932, patangopita mwezi chiwomberedwe anthu ochita zionetsero za njala pafupi ndi fakitale ya galimoto ya Ford. Ndalama zinachokera kwa Edsel Ford, mwana wa mwini kampaniyo, pomwe wojambulayo anali wachikomyunizimu wosabisa. Anatha miyezi akuyendayenda m'fakitale ya Ford ya River Rouge, kuona mmene chitsulo chimasungunukira ndi mmene injini imamangidwira, asanakhudze khoma. Zigawo 27 zimene anamaliza mu 1933 zimaonetsa azungu ndi anthu akuda atagundana mapewa pa mzere umodzi wa makina, onse atawerama mbali imodzi pokoka katundu wolemera. Munthu amene sanaonepo anthu akunyamula chinthu pamodzi sangajambule miyendo motero. M'miyezi yomweyo mkazi wake anapita padera m'chipatala cha mumzindawo, koma pansanja sipanaime ntchito. Pamenepo sindimuyamikira. Atsogoleri ena a mipingo anakwiya ndi chigawo choonetsa mwana akulandira katemera, ati chikunyoza kubadwa kwa Yesu, nafuna kuti chifafanizidwe. Edsel Ford anakana, ndipo makomawo alipo mpaka lero.

Ku New York zinayenda mosiyana. Mu 1933, ali mkati mojambula ku Rockefeller Center, anaikapo nkhope ya Lenin, mtsogoleri wachikomyunizimu wa ku Russia. Nelson Rockefeller, wa m'banja lolemera la eni nyumbayo, anamulembera kalata yopempha kuti aichotse. Iye anati bola awonjezerepo Abraham Lincoln, pulezidenti wakale wa America, koma Lenin sachoka. Anamulipira ndalama zake zonse, n'kumutsitsa pansanja, khomalo n'kuliphimba. Mu Febuluwale 1934 analigumula. Apa ndi pamene luso lija linamutembenukira: chithunzi cha pansalu ukhoza kuchipinda n'kuchisunga kuseri, koma ichi chinali mkati mwa pulasitala, ndiye chinatuluka m'nyumbamo chili zibenthu. Mwamwayi wothandizira wake, Lucienne Bloch, anali atachijambula mobisa ndi kamera, ndipo chaka chomwecho Rivera anachibwereza m'nyumba ya zaluso ya Palacio de Bellas Artes kwawo ku Mexico.

Ena amati a Rockefeller anali ndi ufulu poti nyumba inali yawo. Ine amene ndamangira anthu nyumba zambiri ndikudziwa kuti mwini khoma ndiye amalamula, ndipo Rivera, amene ankadya ndalama za anthu olemera omwe ankawadzudzulawo, sakanayenera kudabwa. Komabe a Rockefeller analemba ntchito munthu amene maganizo ake ankadziwika dziko lonse. Ankayembekezera kuti awajambulira maluwa? Kuphimba kunali kokwanira. Ku Mexico komwe, chithunzi chimene Rivera anajambula mu Hotel del Prado mu 1947 chinaphimbidwa zaka zingapo chifukwa cha mawu akuti kulibe Mulungu, mpaka Rivera yemweyo anawachotsa mu 1956. Chivomezi cha 1985 chitawononga hoteloyo, akatswiri ananyamula khoma lonselo n'kukalimangira nyumba yakeyake pafupi pomwepo.

Pempho langa, akonzi, n'lakuti tsiku lina mudzasindikize chithunzi cha khoma la ku Detroit, chachikulu ndithu, kuti ndidzawaonetse anyamata anga kuntchito pa nthawi yopuma.

Womanga nyumba,
Balaka