Kalata yochokera ku Hobart

Aise,

Pepa ndakhala zii, kuno kuzizira sikwamasewera ndiye ndikaweruka ndimangothamangira mu bulangete. Loweruka pothawa mvula ndinalowa mu Tasmanian Museum and Art Gallery, ndipo ndinakukumbuka iwe wokonda nkhani za afisi.

Kuno ku Tasmania, chilumba cha ku Australia, kunali nyama dzina lake thylacine, ena amati Tasmanian tiger koma ukambuku palibepo, imangooneka ngati galu woonda wamizeremizere kumsana, mchira uli gwa ngati ndodo. Pamimba inali ndi thumba ngati kangaroo koma loyang'ana kumbuyo, ana amabadwa ting'onoting'ono nkukakulira momwemo akuyamwa. Alimi ankati ikuwathera nkhosa ndiye boma linayamba kupereka paundi imodzi ukapha yaikulu, kuyambira 1888 mpaka 1909, analipira kopitilira 2,000. Lamulo loiteteza linadzabwera mu July 1936, yomaliza yodziwika nkufera mu zoo ya konkuno pa 7 September chaka chomwecho. Tangoganiza.

Pali kafilimu kakale amaonetsa, ikungozungulira mkhola, kenako nkuyasamula kukamwa konse mpaka kuopsa. Ine nkusendera pafupi kutchera khutu, ayi ndithu, filimuyo ilibe mawu ndipo kulira kwake palibe anakujambulapo.

Potuluka ndinagula khofi, pa chenji panali ka 10 cents, kumbuyo kwake kuli mbalame yotchedwa lyrebird. Iyi ndiye ilipo, ikuswana bwinobwino. Siyakuno, anayamba kuibweretsa mu 1934 kuchokera ku Victoria, chigawo china cha Australia, poopa kuti ankhandwe aimaliza kumeneko, zaka zomwezo thylacine ikupita, nde chisoni cha anthu chimasankhadi. Yaikazi imaikira dzira limodzi nkufungatira yokha pafupifupi masabata 7, bambo ali bize kuvina pa kachulu komwe anaunjika okha, mchira ataukhuthulira kumutu, akutsanzira mbalame iliyonse yomwe anamvapo. Chomwe chandizunguza mutu nchakuti zomwe zinabwera kunozi zinapitiliza kwa zaka zambirimbiri kulira ngati whipbird, mbalame yoti ku Tasmania kulibeko, ana kumangotengera kwa akuluakulu nyimbo ya kwawo komwe sanapondeko.

Mwezi wamawa ndikufuna ndikafike ku Mount Field komwe zinayambira kutulutsidwa, ikalira ndidzakujambulira pa foni ndikuponyere pa WhatsApp. Uwapatse moni amayi ndi alamu, uwauze jekete ija yandipulumutsa.

Ine mnzako