Kalata yotseguka kwa mkulu wa maphunziro m'boma lathu

Bwana,

Ndikulemba ngati kholo limene anthu analisankha kukhala mu komiti ya sukulu ya pulayimale kumudzi kuno. Dzina la sukulu sinditchula, poti zimene ndinene pano anzanga a m'makomiti ena amazidandaulanso tikakumana ku TDC, likulu la zoni yathu ya sukulu kumene aphunzitsi amachitira maphunziro ndi misonkhano.

Nkhani ndi ya ndalama zotukulira sukulu zotchedwa SIG, zija boma limatumiza ku akaunti ya sukulu iliyonse kudzera ku khonsolo. Amene anaganiza zimenezi anaganiza bwino. Chaka ndi chaka timakhala pansi, aphunzitsi, komiti, bungwe la makolo ndi aphunzitsi (PTA), amayi a mother group ndi mafumu, n'kulemba pulani ya sukulu. Kagawidwe kake timakadziwa: 50 pa 100 ipite ku zokweza maphunziro m'kalasi, 40 ku zothandiza kuti mwana aliyense afike pasukulu ndi kukhalitsapo, 10 yotsalayo ku kayendetsedwe. A PEA, mlangizi wa sukulu za pulayimale m'zoni yathu, amaiwona pulaniyo, pepala n'kupita ku ofesi yanu. Kuchokera pamenepo, zii.

Sitiuzidwa kuti chaka chino sukulu yathu ilandira zingati, ngakhale mwezi umene zidzalowe. Bajeti ya boma imayamba mu April, sukulu zimatsegulira mu September, choncho munthu angayembekezere kuti belu loyamba likamalira choko ndi marejisitala zikhale zilipo. Koma kuno teremu yoyamba imatha tikungofunsana. Ndalama zikamalowa mvula imakhala itagwa kale, msewu wadukaduka, ndipo denga limene tinkafuna kukonza ladontha mpaka kunyowetsa mabuku. Mitengo nayonso siyembekeza munthu. Kwacha itagwa ndi 44 pa 100 mu November 2023, pulani imene tinalemba miyezi ingapo mmbuyomo inasanduka nthano. Simenti ndi malata zimene tinawerengera sizinagulike.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi chimene kukhala chete kwanuku kumachita pakati pathu. Makolo akamva kuti boma limapereka ndalama koma osaona chatsopano pasukulu, amaloza chala a hedi ndi a tcheya a komiti kuti adya. Mwina ena amadyadi, sindingawaikire kumbuyo onse. Koma wosadya adziyeretsa bwanji alibe pepala lochokera kwa inu? A hedi nawonso choko chikatha amatembenukira kwa makolo omwewo kuti asonkhe, ndipo mwana amene kwawo sanasonkhe amabwezedwa. Izi zikuchitika m'dziko limene maphunziro a pulayimale ndi aulere kuyambira 1994, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 limakakamiza kuti mwana aliyense akhale m'kalasi.

Pempho langa silifuna bajeti yatsopano. Lembani mndandanda wa sukulu zonse za m'boma muno, ndalama ya sukulu iliyonse ndi tsiku limene yatumizidwa ku banki. Muumate pa bolodi ya ku khonsolo ndi pa TDC iliyonse, ndipo a hedi aumate pakhoma la ofesi pomwe kholo lingawerenge lili chiimire. Ngati ndalama zachedwa ku likulu, nenani zomwezo, ngakhale pa wayilesi ya m'dera, kuti tidziwe kolozera chala. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndiye sikuti tikupempha chifundo. Kungoti mlimi wa kuno sangawononge ndalama ya kabaza kupita ndi kubwera kuboma kukalemba kalata yofunsa chinthu chimene mukanangochimata pakhoma.

Pa pepala lomwelo muonjezerepo chiwerengero cha ana ndi cha aphunzitsi pa sukulu iliyonse. Boma lenilenilo limati mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa ana 60. Kwathu kuno Sitandade 1 imadzaza mpaka pakhonde ndi mphunzitsi mmodzi, pomwe sukulu za pafupi ndi tauni timamva kuti ena amagawana kalasi imodzi. Mphunzitsi watsopano akabwera, timamuumbira njerwa za nyumba, koma chaka chisanathe kalata ya transifa yatuluka, ndipo wolowa m'malo mwake sabwera. Sindikumuda mphunzitsiyo, kuno kulibe magetsi ndipo chipatala chili kutali. Ndikufunsa amene amasayina kalatayo ngati amayamba waona kuti akusiya ana angati opanda mphunzitsi.

Mu 1998 tinauzidwa kuti mphamvu zapita ku anthu, ndipo sukulu za pulayimale zinaperekedwa m'manja mwa makhonsolo. Ife a m'makomiti timasayina macheke ndi kuyankha mafunso a makolo okwiya, choncho tikuyenera kudziwa zimene ofesi yanu ikudziwa. Tisanalembe pulani ya chaka chamawa, bwerani ku msonkhano wa zoni yathu, kapena tumizani a PEA ndi mndandandawo m'manja.

Ine wanu,
Membala wa komiti ya sukulu