Kalata yotseguka kwa Phungu wa dera lathu: khoti lathu lasanduka khola la mbuzi

Olemekezeka,

Ndikhulupirira muli bwino. Makalata omwe tinakutumizirani kudzera ku komiti ya chitukuko cha m'dera (ADC) sanayankhidwe, nchifukwa chake lero ndalankhulira pagulu.

Khoti la pamsika pathu linamangidwa nthawi ya Kamuzu, limodzi mwa makhoti a Traditional aja. Mbiri ya makhotiwo tikuidziwa. Mu 1969 anapatsidwa mphamvu zozenga ngakhale milandu yakupha, woimbidwa mlandu osaloledwa loya, ndipo khoti lotere ndi lomwe linagamula kuti Orton ndi Vera Chirwa aphedwe mu 1983. Atathetsedwa pobwera demokalase, sitinalire. Koma lathuli silinkazenga za kuukira boma ayi. Linkaweruza za malire a minda, za maukwati, za ng'ombe zodya chimanga cha eni, munthu n'kubwerera kwawo dzuwa lisanalowe.

Lero denga linasasuka ndi mphepo ndipo a majisitireti anasiya kubwera. Kuno kuli mayi wamasiye amene achibale a malemu amuna ake anamulanda munda ndi malata a nyumba, maliro asanazizire n'komwe. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda kotere ndi mlandu. Koma mlanduwo akaudandaule kuti? Ku boma. Anagulitsa nkhuku kuti alipire kabaza ndi minibasi, mwana kumbuyo, atafika anauzidwa kuti mlandu wayimitsidwa. Ulendo wotsatira anagulitsa mbuzi. Tsopano wangousiya, ndipo omulandawo abzala kale fodya m'mundamo.

Mafayilo akale adyedwa ndi chiswe, mboni zimakana kuyenda mtunda wonsewo, chisamani chimafika tsiku la mlandu litadutsa.

Tikudziwa kuti simuweruza milandu, Olemekezeka, ndipo ulemu wanu sitikuuchotsa. Koma ndinu amene munaima pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa khoti lomweli nthawi ya kampeni, n'kunena kuti malata afika mvula isanagwe. Mvula yagwa kangati? Nyumba ya Malamulo yomwe mumakhalamo inavomereza lamulo la Local Courts, lokhazikitsa makhoti ang'onoang'ono a m'madera, mu 2011, makhotiwo mpaka lero sitinawaone. Gawo 41 la malamulo oyendetsera dziko limati aliyense ali ndi ufulu wokafika kukhoti. Mayi uja mungamuwerengere gawo limeneli?

Tikupempha kuti ndalama za thumba la chitukuko cha dera (CDF) za chaka chino zifolere khotili, ndipo mukafunse m'Nyumba ya Malamulo tsiku lomwe a majisitireti ayambirenso kukhala kuno. Yankho mudzatiuze pamsonkhano, mafumu alipo.

Ine wanu,
Mmodzi mwa anthu a m'dera lanu